Tsiku Limene Ahedi Anakana Mwana

1

Dzina langa ndine Eness, mphunzitsi wa Sitandade 1. Ngati munakhalako ku Mgona m'chaka cha 2004, nkhani yangayi munaimva kale kotunga madzi. Koma munaimva yopotoka, chifukwa amene ankaifalitsa kwambiri ndinali ine ndemwe, ndipo ndinkaifalitsa ndisanaidziwe mutu wake.

Sukulu yathu sindiitchula dzina. Inali ya boma koma yaing'ono, ya midadada iwiri ndi mtengo umodzi waukulu umene tinkautcha kalasi ya Sitandade 3. Ahedi ake anali amuna anga, a Laws Mtambalika, bambo wofatsa amene ankamanga tayi ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Vuto lathu linali Sitandade 8. Chaka ndi chaka zotsatira zikatuluka, ana athu osankhidwa kupita ku sekondale ankakwanira pa njinga imodzi. Makolo anatopa nafe. Ena anasamutsira ana awo ku masukulu akuluakulu a ku Area 25, ena ku tima pulayiveti timene tinamera paliponse nthawi imeneyo, poti aliyense wokhala ndi chipinda chosowa wochita lendi ankangolemba pakhoma kuti ndi sukulu ya Chingerezi. Kenako kunamveka mphekesera yoti ana akapanda kuchuluka, sukulu yathu aiphatikiza ndi ina, aphunzitsife atimwaze kumidzi. Ine kumudzi ndinabadwirako ndipo ndinakhuta nako.

Ndiye ahedi analamula kuti sukulu isanatsegulidwe mu Januwale, tiyende khomo ndi khomo kusaka ana. Tinayendadi, aphunzitsi athunthu, tikugogoda m'makomo ngati ogulitsa mankhwala a makoswe.

Kuseri kwa chigayo ndinapeza mayi wina wachilendo, dzina lake Rozina, akukazinga zitumbuwa. Pambali pake panali kamtsikana kakuthwa maso, dzina lake Tiyese. Nditafunsa za bambo ake, mayiyo anangoti ali kuntchito kutali, ndipo ku Mgona yankho limeneli tonse timadziwa tanthauzo lake. Ndinamunyengerera kuti abwere nako kusukulu kwathu, ndikudzitama kuti asadandaule kalikonse poti ahedi, a Laws Mtambalika, ndi amuna anga.

Rozina anandiyang'ana, kenako anaseka pang'ono.

"Ndibwera naye, Madamu," anatero. "Poti mwachita kundiitana nokha."

2

Kwa amene simunalembetsepo mwana pa sukulu ngati yathu, ndikufotokozereni. Ana ambiri ankabwera opanda chikalata chosonyeza zaka, ndiye tinkawayesa ndi khutu. Mwana ankadutsitsa dzanja lamanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu lakumanzere. Akaligwira wakula, akalephera abwerenso chaka chamawa.

Chaka chimenecho lamuloli linafewa kwambiri. Ahedi ankayendayenda pamzere akupendeketsa mitu ya ana ndi manja awo kuti khutu likumane ndi chala. Analowetsa mpaka kamnyamata kena komwe kanali kakuyang'anabe pachifuwa pa mayi ake.

Kenako inafika nthawi ya Tiyese. Kamtsikanako kanagwira khutu mosavuta, mpaka kulikoka. Ahedi anabwera akumwetulira, koma atangoona nkhope ya Rozina kumwetulirako kunathera panjira.

"Uyu ndi wamng'ono," anatero.

Ndinawauza kuti khutu wagwira, anthu onse aona. Anati sanagwire bwino. Tiyese anagwiranso, nthawi ino analipinda ndithu. Ndiye ahedi anasintha nyimbo, anati malo atha. Amayi apamzere anayamba kuseka, poti m'kalasi mwanga munali malo oti munthu n'kuyanikamo chimanga.

Bambo amene anatiyendetsa padzuwa kusaka ana akukana mwana? Ndinatenga cholembera n'kufunsa dzina la mwanayo mokweza dala.

"Tiyese Mtambalika," anayankha Rozina.

"Bambo ake?"

"A Laws Mtambalika."

Ine ndinatembenuka kuti ndione amuna anga akuseka kapena akukalipa, chilichonse chimene munthu wosalakwa amachita. Ndinangoona msana wawo ukulowa muofesi, kenako phokoso la loko.

3

Zimene ndinachita tsiku limenelo sizoyenera mphunzitsi, koma ndinazichita mwaluso. Ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi ya kuntchito n'kupita kuseri kwa chigayo, khamu la amayi lili pambuyo. Ndinamutchula Rozina maina amene sali mu silabasi. Iye ankangotembenuza zitumbuwa zake m'mafuta, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa china chilichonse.

Kunyumba amuna anga anayamba ndi nyimbo ya fuko ya amuna onse: "Mayi a Ralph, si zimene mukuganizazo." Nditafunsa kuti nanga ndi ziti, anangomasula tayi n'kumanganso.

Ndinaitanitsa ankhoswe. Wakuchimuna anali malume awo, a Greenwell, omwe anali hedimasitala kwawo ku Dedza asanapume n'kukhazikika ku Kawale. Madala amenewa ukawaitana pa nkhani ya banja ankabwera mwezi wotsatira, akudandaula miyendo. Ulendo uno anafika tsiku lomwelo, akuthamanga ngati mnyamata. Anawatengera amuna anga kuseri kwa nyumba, ananong'onezana kwa kanthawi, ndipo pobwerera amuna anga anagwada pamaso panga n'kuvomera kuti mwanayo ndi wawo.

Mchimwene wanga Esau, nkhoswe yanga, anakhumudwa kwambiri. Anali atakonzekera mkangano wa tsiku lonse, ndipo mlandu unatha tiyi asanazizire. Anayesa kufunsa kuti zinachitika liti komanso kuti, amuna anga n'kuyamba chibwibwi, a Greenwell n'kudula kuti zamanyazi sazifukula. Ine ndinadabwa ndithu mumtima. Bambo ameneyu pondifunsira anachita kutuma mnzake chifukwa cha manyazi, ndiye mtima wopezera chibwenzi anaubwereka kwa ndani? Koma mkwiyo sulola munthu kuganiza zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Banja sindinathetse. Ndinangowaonetsa msana usiku uliwonse, ndipo Tiyese ndinamulemba sukulu mwa chipongwe, n'kumukhazika kutsogolo kwenikweni kuti ahedi akamalowa m'kalasi azikumana ndi tchimo lawo maso ndi maso.

Chodabwitsa n'chakuti nkhaniyi inachita zimene kuyenda khomo ndi khomo kunalephera. Amayi anayamba kubweretsa ana awo, ena kuwachotsa ku pulayiveti komwe, kuti azipeza chifukwa chobwera kudzaona mwana wa ahedi ndi kumufananitsa mphuno. Ana nawonso ankapita kunyumba ndi nkhani zatsopano tsiku lililonse. Pofika Epulo kalasi langa linali thothotho, ndipo mphekesera ya kumidzi ija inazilala.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali mutu wa kamtsikanako. Tiyese ankagwira chilichonse ukangonena kamodzi. Anzake akulimbana ndi a e i o u, iye anali akuwerenga zolembedwa pa mapaketi a shuga. Pamenepo mwana wanga Ralph, wobadwira mu ukwati wa mpingo, ankapikisana ndi anzake awiri pa nambala yomaliza mu Sitandade 4. Anthu anayamba kunena kuti nzeru za ahedi zinadutsa pawindo n'kukagwera kuseri kwa chigayo. Ndinayesetsa kudana naye mwanayo, koma mphunzitsi kudana ndi mwana wanzeru n'kovuta. Ndinkapezeka ndamusungira choko chotsala kuti akalembere kunyumba, kenako n'kudzitukwana ndekha.

4

Chakumapeto kwa teremu yachiwiri, fodya atagulitsidwa, kunabwera mlendo. Ana anali ataweruka, ine ndikuchonga mayeso pakhonde la kalasi. Anali bambo wowonda, wa msinkhu wa amuna anga, manja ake akuda ndi utomoni wa fodya. Anapereka moni mwaulemu, koma maso ake sanali aulemu.

"Ndikufuna mayi amene anatcha mkazi wanga hule," anatero.

Ndinamuuza kuti ngati akunena Rozina, mayi wake ndine, ndipo mawuwo sindinawabweze. Ndinamumvera chisoni pang'ono, poganiza kuti ndi mwamuna amene Rozina anamupeza pambuyo pake kuti amulerere mwana wa eni. Ndinamufunsa kuti iye ndi ndani.

"Ndine Laws Mtambalika."

Ndinaseka mpaka cholembera chinagwa. Iye anadikira kuti ndimalize, kenako anakhala pa sitepe n'kuyamba kufotokoza, mosathamanga, ngati munthu amene nkhaniyi anaibwereza kambirimbiri ali yekha m'munda.

Anati kwawo ndi ku Dedza, mudzi umodzi ndi amuna anga, mudzi umene ine sindinapiteko chifukwa nthawi zonse amuna angawo ankati kulibe wachibale wotsala. Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, pa sukulu imene a Greenwell anali ahedi. Atalemba mayeso a Sitandade 8, a Greenwell anauza mayi ake a Laws kuti mwana wawo walephera. Mayi wosadziwa kuwerenga akanatsutsa chiyani? Laws analira, kenako anagwira khasu. Patapita zaka ndi pamene mnyamata wina wa mudzi woyandikana nawo, amene anaphunzira ku sekondale ya boma yogonera komweko, anamuuza kuti kumeneko kunali Laws Mtambalika wina, wofanana nkhope ndi mphwake wa ahedi awo aja, a Greenwell. Dzina lake linatuluka ndithu pa osankhidwa. Kungoti linapita kusukulu lokha, mwini wake n'kutsala.

"Mphwake wa ahediyo ndi ndani?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinali nditalidziwa kale.

"Gilford. Tinkasewera limodzi mpira wachikulunga."

Anati zakalezo anazisiya m'manja mwa Mulungu, poti ku esiteti ya fodya ku Kasungu kumene anali tenanti palibe amene amafunsa satifiketi. Rozina, yemwenso ndi wa mudzi womwewo, ndi amene sanaiwale. Tsiku limene ndinamupeza kuseri kwa chigayo n'kudzitama ndi amuna anga, anaona kuti Mulungu wayankha. A Greenwell anapita kukamupempha kuti akhale chete, iye n'kuvomera, bola mwana aphunzire. Ndipo kunena zoona Rozina sananame. Ndinamufunsa dzina la bambo wa mwana, iye anayankha, zotsalazo ndinawonjezera ndekha.

"Dzina anatenga, ndinangokhala," anatero bamboyo akuimirira. "Tsopano ndabwera ndapeza mkazi wanga ndi chibwenzi chake, mwana wanga ndi wake, ngakhale nzeru za mwanayo akuti ndi zake. Ndiye ine ndatsala ndi chiyani, Madamu? Tsiku lotsekera sukulu anthu amve kuti Tiyese ndi wa ndani. Apo ayi, ndikadziwonetsa ndekha ku ofesi ya maphunziro."

5

Ndinawapeza amuna anga pakhonde akupolisha nsapato. Sindinakuwe. Ndinangoima kumbuyo kwawo n'kuitana motsitsa.

"Gilford."

"Wawa," anayankha, asanaganize.

Kenako burashi inagwa. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona bambo wa tayi uja akusungunuka n'kutsala kamnyamata ka Sitandade 8. Analira, ine n'kuwasiya alire. Anati tsiku lina malume anangobwera ndi sutikesi ndi yunifomu, n'kuwauza kuti kuyambira lero ndiwe Laws, ukayankhe ukamva dzina limenelo. Anali mwana, ndipo malume ndi amene ankawadyetsa. Ku sekondale ankakhoza mokwawa, ku koleji ya uphunzitsi chimodzimodzi, ndipo moyo wawo wonse akhala akudikira munthu woti adzagogode.

Ndinawafunsa funso limene inunso owerenga mukufunsa. Tsiku lolembetsa lija, bwanji sanangoseka n'kunena kuti ndi mnzawo wofanana naye dzina? Anati anachita mantha. Kenako malume anawauza kuti ma Laws Mtambalika awiri a mudzi umodzi ndi chaka chimodzi, wina adzafunsa mafunso, pomwe chibwenzi sichinachotsetsepo munthu ntchito. Munthu wanzeru akanapeza bodza labwinopo, koma paja nzeruzo zinatsala ku Dedza.

Ndinakhala pansi. Miyezi yonseyi ndinkalirira chigololo chimene kunalibe, ndipo tsopano ndinayamba kuchilakalaka. Mkazi wa mwamuna wachimasomaso ku Mgona ali ndi anzake ambiri omutonthoza. Koma mkazi wa wakuba moyo wa munthu amapita kwa ndani? Ine ndemwe ndinali Mayi Mtambalika, ana anga a Mtambalika, tonse tikudya ndi dzina la munthu amene ankagona m'chisakasa cha fodya. Ndipo choonadi chikanatuluka, ntchito ikanatha, nyumba ya sukulu tikanatulukamo, mwina ndi apolisi omwe akanabwera.

Ndinaganiza ngati mayi wa ana, osati ngati Mkhristu. Ndinakonza zoti tsiku lotsekera ndidzaimirire ndekha n'kunena kuti pali amuna awiri a dzina limodzi, kuti nsanje yanga ndi imene inasokoneza zonse, ndipo amuna anga anavomera mlandu pongofuna kuti ndisiye phokoso. Manyazi ndikanasenza ine, Rozina n'kuyera, ntchito n'kutsala. Ndinawalamula kuti iwo adzangotseka pakamwa. A Greenwell atamva anandiyamikira kuti ndine mkazi wanzeru, ndipo kuyamikiridwa ndi madala amenewo kunandinyansa.

6

Tsiku lotsekera sukulu kwathu linali ngati bwalo la milandu. Ana onse ankakhala pansi pabwalo, makolo kumbuyo, ahedi n'kumawerenga zotsatira kalasi ndi kalasi. Wokhoza ankaimirira, wolephera ankatsala pansi akukumba dothi ndi chala. Amene wakhala nambala wani, kholo lake linkabwera kutsogolo kudzamunyamula m'mwamba, nthungululu zili pakamwa. Teremu imeneyo makolo anabwera ochuluka kuposa ana, ndipo sanabwerere maphunziro.

Ahedi anayamba ndi Sitandade 1.

"Nambala wani, Tiyese Mtambalika."

Bwalo linaphulika. Amayi ankaimba nthungululu, ena akukuwa kuti magazi sanama, ahedi anyamule mwana wawo. Ndinaona Rozina ataima kumbuyo, nkhope ili gwa, ndipo pambali pake mwamuna wake atavula chipewa.

Ndinaimirira n'kukweza dzanja. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amadziwa kukhazika chete khamu. Ndinanena zimene ndinakonza, kuti ndinalakwira mayi wosalakwa, kuti bambo wa mwanayu alipo ndipo dzina lawo ndi a Laws Mtambalika. Bamboyo anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono. Tiyese anamuthamangira, iye n'kumunyamula m'mwamba, ndipo aliyense wa maso anaona kuti mphuno imene ankaifunafuna pa ahedi ija inali apa.

Zikanathera pomwepo pakanapanda mayi Vaileti, wapampando wa komiti ya sukulu, mayi amene sanalolepo nkhani kutha iye asanalankhule.

"Madamu, tisapusitsane," anatero ali chiimire, manja m'chiuno. "Ahedi anagwada pamaso pa ankhoswe, tonse tinamva. Lero mukuti eni ake ndi awa. Kodi a Laws Mtambalika pasukulu pano alipo angati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti awiri.

"Mmodzi," anatero amuna anga.

Ndinawaponda phazi, koma sanandiyang'ane. Ankayang'ana bambo uja ndi mwana wake paphewa.

"Ndi awo anyamula mwanawo. Ndi amene anakhoza mayeso, ine ndinangopita m'malo mwawo. Dzina langa ndine Gilford."

Anapereka mapepala a zotsatira kwa achiwiri awo, n'kuwauza kuti apitirize ndi nambala thuu. Kenako anayenda kulowera kunyumba, anthu akupatuka okha. Ndinaona a Greenwell akuzemba cha kumpanda, miyendo yawo yodwala ija itachiranso.

7

Ntchito inatha, monga mmene ndinkaopera. Nkhani inayenda m'maofesi kwa nthawi yaitali, nyumba ya sukulu tinatulukamo, ndipo tsopano tikuchita lendi ku Area 25. Amuna anga amagulitsa mayunifomu ndi makope kumsika, anthu amangowatchula kuti a Gilford. Ine ndikuphunzitsabe, pa sukulu ina. A Laws enieni sekondale yawo sinabwerere, poti zaka sizibwezedwa ku ofesi iliyonse. Amanyamula mabelo a fodya ku Kanengo, ndipo tikakumana timapatsana moni wa anthu odziwana kwambiri. Kwa Rozina ndinapita ndekha kukagwada, iye n'kundisiya ndigwade mpaka mafuta ake atapsa.

Atsikana amene mukuwerenga, inu mumafufuza ngati mwamuna ali ndi mkazi wina. Fufuzaninso ngati ali ndi dzina lina. Akakuuzani kuti kumudzi kwawo kulibe wotsala, kwerani basi mukaone manda ake. Ndipo inu malume amene mumakonzera ana a alongo anu tsogolo ndi makiyi a ofesi, dziwani kuti mwana amene mwamuuza kuti walephera safa tsiku lomwelo. Amakula, amakwatira, ndipo mwana wake amadzafuna sukulu.

Anzanga amandifunsa kuti ndinakhaliranji ndi munthu amene anandinamiza kuyambira tsiku la ukwati, n'kudzatitayitsanso mchere wa pakhomo ndi liwu limodzi pamene ine ndinali nditawakonzera kale pothawira. Kunena zoona ndinawakwiyira mwezi wathunthu, ndipo pa tsiku loipa ndimawakumbutsabe. Koma ndine mphunzitsi, ndipo ndinalipo pabwalo paja. Bambo ameneyu anapatsidwa funso lovuta pamaso pa Mgona yense, mkazi wake akumunong'oneza yankho lolakwika, iye n'kukana kuonera. M'moyo wake wonse, amenewo ndi mayeso okhawo amene anakhoza yekha.